Nkhuku ya ku Chiponde

Lolemba, 6 Meyi

Bismillah. Ine ndine Atumani wa ku Nkopola, wokhoma maboti. Kusukulu sindinapondeko ngakhale tsiku limodzi, ndipo manyazi ndilibe. Zilembo ndinaziphunzira ndi burashi m'manja, polemba maina pa maboti a anthu. N'chifukwa chake ndimalemba zikuluzikulu ngati zoti awerenge munthu ali pakati pa nyanja. Amene zimuvute akagule magalasi.

Ndayamba kulemba chifukwa kuno ntchito ndilibe, komanso ndikabwerera kwathu anthu adzafunsa, ndipo sindifuna wina adzandikonzere nkhani yanga.

Tili ku chipatala chachikulu ku Blantyre, ine, mwana wanga Mwanamvua, ndi mdzukulu wanga Hidaya wa zaka zisanu ndi chimodzi. Bambo ake a Hidaya, Sadik, ali ku Joni, amangolira pa foni. Hidaya anabadwa ndi vuto la mtima. Kuchoka pakhomo pathu kukafika pamchenga, mtunda woti bakha amayenda osapuma, iye amakhala pansi kawiri. Chifuwa sichimusiya. Ngwoonda ngati bango. Ku Mangochi anamumvetsera pachifuwa, nati mukulira ngati chigayo, natitumiza kuno.

Dokotala wake ndi mnyamata wa kumpoto, a Suzgo. Andijambulira papepala. Akuti pafupi ndi mtima pali kamtsempha kamene mwana amakagwiritsa ntchito ali m'mimba, ndipo akabadwa kamatsekeka kokha. Ka Hidaya sikanatsekeke. Magazi amathawira kumapapo, mtima n'kumagwira ntchito ya anthu awiri. Mawa atsegula kunthiti chakumanzere, akamange kamtsemphako ndi ulusi.

Ndinafunsa ngati ulusiwo sudzaola. Anaseka nati, “Madala, suola.” Ndinawauza kuti madala ali kwawo, ine ndine Che Atumani. Anapepesa. Manja awo ndawayang'ana bwino: zala zazitali, zosanjenjemera.

Pepala lovomereza wasaina Mwanamvua. Pa mboni anandibweretsera inki yoti ndidinde chala. Ndinakana, ndinalemba dzina langa. Linadya mizere itatu.

Lachiwiri, 7 Meyi

Anamutenga m'mawa, asanadye kanthu. Polowa ku fiyeta anandigwira ndevu nati, “Ambuje, musapite kunyanja.” Ndinati nyanja ndaisiya kwathu.

Ndinakhala pabenchi mpaka dzuwa linapendeka. Mwanamvua sanakhale pansi. A Suzgo anatuluka chisoti chili kumutu nati amanga, zayenda bwino. Alhamdulillah.

Amugoneka ku ICU, chipinda cha odwala ofunika diso nthawi zonse. Ndamuona kamodzi. Paipi kukamwa, paipi kunthiti, dripi pamkono, mawaya pachifuwa. Lero sindilemba zambiri.

Lachitatu, 8 Meyi

Paipi ya kukamwa achotsa, akupuma yekha. Asiya kapaipi ka mpweya m'mphuno. Mawu ake oyamba anali akuti, “Ludzu.” Anamunyowetsa milomo ndi thonje, kenako anamupatsa madzi ndi supuni.

Mwini chipindachi ndi nesi wina dzina lake a Lonely, mayi wamfupi wa mawu akulu. Lamulo lake: kulowa mmodzimmodzi, kuvula nsapato, kusamba m'manja mpaka m'zigongono, kuvala chovala chawo. Ena amadandaula. Ine ndinamuuza kuti zimenezi timachita kasanu pa tsiku, asandiphunzitse. Anati, “Ndiye muziwaphunzitsa anzanuwa, agogo.” Tagwirizana.

Pamwamba pa bedi pali makina onga wailesi ya kanema. Nambala yobiriwira ndi kugunda kwa mtima, ina ya pansi pake ndi mpweya wa m'magazi, ndipo imeneyo isamatsike. Paipi ya kunthiti imatsikira mu botolo lalikulu pansi pa bedi, kuchotsa madzi otsala m'chifuwa. Ndi kukapa madzi m'boti kumene, kungoti kuno amakapa ndi paipi. Lero madziwo ngofiirira.

A Suzgo anandiveka chomvetsera chawo m'makutu. Dzana anandimvetsa chigayo chija. Lero chazima. Kwatsala du-du, du-du, basi. Ndinapempha kumvanso kachiwiri. Anandilola.

Lachinayi, 9 Meyi

Wadya phala supuni zingapo. Ululu ulipo akamatsokomola, amupatsa mankhwala mu dripi ndipo amukumbatitsa pilo.

Ndapeza mnzanga wa pabenchi, a Kingstone, mphunzitsi wa ku Ntcheu koma amaphunzitsa ku Chowe, kwathu konkuja. Mwana wawo Mtendere anamumanga kamtsempha komweko tsiku limodzi ndi Hidaya, bedi lake lili pafupi. Anandiona ndikulemba nati, “Akulu, apa mwaiwala mpumiro.” Ndinati, “Aphunzitsi, ine ndimapumira m'mphuno.” Anaseka mpaka kutsokomola. Ndi munthu wabwino, kungoti amakonda tchipisi kuposa msinkhu wake.

Bedi la pawindo pali kakhanda ka milomo yakuda. Amake akuti vuto lake silingatheke kuno, akudikira mwayi wopita kunja. Tagawana nawo nthochi.

Lachisanu, 10 Meyi

Hidaya ndi Mtendere awatulutsa ku ICU, ali mu wodi yoyandikana nayo. Mawaya achotsa, yatsala paipi ya kunthiti ndi botolo lake. Ndinapita kumzikiti mumzinda ku mapemphero a Juma, ndinathokoza.

Pobwera ndinapeza alendo ochokera ku Nkopola, asodzi awiri amene ndinawakhomera boti chaka chatha. Abweretsa kampango wokazinga. Kwathu munthu amene wataya magazi timamupatsa mimba ya kampango, ponona penipeni, ndi msuzi wake. Ndinamunyemera Hidaya ndi manja angawa. Wadya ngati sanadwalepo, mafuta mpaka kuchibwano. Mwanamvua analira ndi chimwemwe. Tsiku labwino.

Loweruka, 11 Meyi

M'mawa botolo lasanduka mkaka. Loyera mbee, ndipo lakwera zala zanga zinayi kuchoka pamene linali dzulo.

A Lonely anaitana a Suzgo. Anaona, anatenga pang'ono kukayeza, anamujambulanso pachifuwa, kenako anatikhazika pansi. Akuti si mafinya. M'chifuwa muli kanjira kena kopyapyala ngati ulusi wa ukonde, kamene kamanyamula mafuta a chakudya kuchoka m'matumbo kupita m'magazi. Kamadutsa pafupi ndi pamene anamanga, ndipo mwa ana ena kamakhudzidwa pa opaleshoni n'kuyamba kuchucha. Mwana akadya zamafuta, kamachucha kwambiri. Akaleka mafuta, nthawi zambiri kamapola kokha.

Ndinafunsa kuti, “Ndiye kampango ndi amene waboola?”

Anati, “Ayi, Che Atumani. Kanali kobooka kale. Kampango wangotionetsa. Koma kuyambira lero, mafuta ayi. Ophikira, nsinjiro, mapeyala, mkaka, mandasi, nyama yonona, dzira pakati pake, zonsezo ayi.”

Ndinati mwana woonda chonchi mukumumana mafuta, adzapola ndi chiyani, mphepo? Munamuonapo munthu akumata boti popanda phula? Anati botolo likapanda kuuma pofika Lachisanu la pa 24, adzamutsegulanso kachiwiri kukamanga kanjirako.

Amubwezera ku ICU kuti azimuona pafupi. A Lonely amata tepi pa botolo, m'mawa uliwonse azilembapo pamene pafika madzi asanawakhuthule. Iwo ali ndi manambala awo. Ine ndiziyeza ndi zala.

Mumtima sindinakhulupirire zonse.

Lamulungu, 12 Meyi

Zala zitatu, ndipo kuyera kwachepa, kwayamba kuoneka ngati madzi otsukira mpunga. Tsiku limodzi lokha lopanda mafuta. Dokotala ndikhoza kukangana naye, koma botolo lilibe pakamwa poti tikangane.

Vuto ndi mwini wake. Amubweretsera mpunga, nyemba zowiritsa ndi mchere wokha, ndi choyera cha dzira. Anayang'ana kukhoma. Amake ananyengerera, anakana. Nditalowa ine anandinunkhiza malaya.

“Ambuje, mwadya tchipisi.”

“Ndangolawa kwa aphunzitsi.”

“Inu tchipisi, ine nyemba za madzi?”

Ndinati ine sindinang'ambidwe. Anati ndiye iyenso sadya, amung'ambenso. Mutu umenewu ndikuudziwa kumene unachokera, sunachokere ku Chiponde kwa bambo ake.

Ndinatenga supuni, ndinadya nyembazo pamaso pake. Zoipa ndithu, sindinama. Kenako ndinati, “Tamva, Hidaya. Kuyambira lero chimene udye iwe ndi chimene ndidye ine. Mafuta sindikhudza mpaka tsiku limene udzawakhudze iwe.” Anati ndilumbire. Ndinati Atumani salumbira kwa mwana, mawu ake ndi okwana. A Lonely anati iwo ndi mboni. Anadya mbale yonse.

Lachiwiri, 14 Meyi

Zala ziwiri ndi theka. Kutentha thupi palibe.

Ntchito za kuno ndazidziwa tsopano. M'mawa kuyeza botolo, kumupima thupi, madokotala kuzungulira. Kenako amabwera mayi wophunzitsa kupuma, amamupatsa chibaluni kuti aziuzira, mapapo atambasuke. Masana timayenda pakhonde, Hidaya patsogolo, ine pambuyo nditanyamula botolo. Lamulo ndi lakuti botolo lisakwere kuposa chiuno chake, madzi angabwerere. Ndimayenda chowerama ngati wonyamula nyali ya mfumu. Lero wafika pakhomo la wodi osakhala pansi.

Alendo akubwerabe, ndipo mlendo wa kwathu sabwera manja lende. Mandasi, chambo chokazinga, futali. Chakudya cha mlendo sitibweza. Ndapeza njira: ndimalandira ndi manja awiri, ndimachita duwa, pemphero lathu, n'kunena kuti ichi ndi sadaka ya wodwala. Kenako ndimapita nacho kukhitchini ya magadiyani, kumene kuli amayi ochokera kutali opanda owayendera. Mlendo amapita wokondwa kuti wapeza madalitso awiri.

A Kingstone aima pafupi ndi sadaka imeneyi kuposa wina aliyense. Ndinati, “Aphunzitsi, Chisilamu mwalowa liti?” Anati, “Ndikuyamba ndi mbali ya chakudya, akulu, zinazo pang'onopang'ono.”

Lachinayi, 16 Meyi

Mtendere watuluka. Paipi anamuchotsa kalekale, iye sanachuche. Opaleshoni imodzi, dokotala mmodzi, tsiku limodzi, koma njira ziwiri. Ndamukondwerera. A Kingstone andisiyira cholembera chawo, akuti changa chikulira ngati khasu pamwala.

Kakhanda ka pawindo kamwalira m'mawa uno. Tinawaperekeza amake mpaka pageti. Kwa Mulungu tinachokera, kwa Iye tidzabwerera.

Zala ziwiri.

Lachisanu, 17 Meyi

Zala ziwiri. Sizikutsika. A Suzgo anaima nthawi yaitali akuyang'ana tepi, nati tidikirebe. Amutenga magazi kuona ngati mchere ndi mphamvu za m'thupi sizikuthera m'botolo. Akuti zili bwino pang'ono, amuwonjezera dripi ina. Amulola chambo chowiritsa, mnofu wokha, chikopa ayi, msuzi ayi. Ndimachotsa minga ndine.

Lamba wanga ndaboola bowo lina.

Lamulungu, 19 Meyi

Lero ndilemba zambiri, dzanja lipirire.

Masana kunafika Abiti Uladi, amake a Sadik, agogo ake a Hidaya a kuchimuna. Achoka ku Chiponde kusanache, njinga yamoto, minibasi, minibasi inanso, dengu lili pamwendo njira yonse. M'dengumo munali nkhuku yawo yoweta okha, yokazinga m'mafuta, ndi mpunga wa kokonati wochokera ku Mozambique. Fungo lake linafika ku ICU iwo asanafike.

Ine ndi mayi amenewa sitimwerana madzi bwino. Hidaya atayamba kudwala, iwo ananena kuti nthendayi ndi ya magazi a kwathu. Mwanamvua anayankha kuti mwina ndi ya maso a anthu a ku Chiponde. Mawu amenewo sanafafanizidwe mpaka lero.

Ndinalandira dengu ndi manja awiri, ndinayamba duwa yanga ya sadaka. Anandidula pakati.

“Sadaka ya chiyani? Nkhuku iyi ndaphera mdzukulu wanga. Adye ndikuona.”

Mwanamvua anati, “Amayi, adokotala aletsa mafuta.”

Abiti Uladi anatembenukira kwa ine nati, “Aletsa mafuta kapena mwaletsa ine? Za ku Nkopola wadya, ndamva, kampango wathunthu. Za ku Chiponde ndiye zili ndi mankhwala? Nenani poyera, asewere. Nenani kuti ndine mfiti, ndikwere minibasi yanga, ndikamuuze Sadik kuti kuno alibe mwana.”

Anakhala pansi pakhonde, miyendo tambalala, dengu pakati. Anthu anayamba kusonkhana. A Lonely anatuluka kudzafotokoza za kanjira ka mafuta. Abiti Uladi anawayang'ana kuyambira kumapazi nati, “Mwanangu, ine ndalera ana asanu ndi atatu ndi nkhuku zomwezi.” Ndinawamvetsa. Ndi mawu anga omwe a sabata yatha, angosintha mwini.

Ndinaona kuti pali zinthu ziwiri. Mwana akadya, botolo lidzaza, Lachisanu amung'amba. Akapanda kudya, ukwati wa Mwanamvua wang'ambika, ndipo Hidaya adzakula akumva kuti agogo ake anamubweretsera chiphe m'chipatala.

Ndinapempha a Lonely kuti lero lokha tilowe awiri. Anandiyang'ana, nati, “Asambe m'manja.” Dengu linatsala pakhomo. Ndinawatengera Abiti Uladi pabedi, ndinagwada pansi, inde ine, ndinawaonetsa tepi.

“Asewere, mzere wapamwambawu mukuuona? Ameneyu ndi kampango wanga. Ndinamudyetsa ndi dzanja ili. Kutacha botolo linali mkaka. Mizere yotsikayi ndi nyemba za madzi. Ukapanda kufika pansi apa pofika Lachisanu, amutsegulanso nthiti.”

Anawerama, anayang'ana botolo, anayang'ana bandeji ya mwana. Anati, “Inu, Che Atumani, mukuvomera kuti munalakwa?”

Ndinati, “Sindinati ndinalakwa. Ndati kampango anali wanga.”

Anati, “Nanga nkhuku yanga? Anthu onse pakhondepo aona kuti mwaikana. Mukaipereka kwa alendo, ku Chiponde kudzamveka kuti munaitaya.”

Ndinati, “Ndidya ine. Yonse, pamaso panu ndi pamaso pa anthuwo. Ngati muli kanthu, kaphe ine.”

Pamenepo mawu anachokera pabedi. “Ambuje, munalonjeza.”

Ndinali nditaiwala kuti mwini mlandu ali maso. A Lonely anati, “Ine ndinali mboni,” n'kupitiriza kukonza dripi ngati sizikuwakhudza.

Chibadwire sindinapemphepo chilolezo kwa mwana. Ngakhale kwa akulu ndimapempha mwa apo ndi apo. Koma mawu ndinapereka, ndipo mawu ukapereka mwini wake ndi amene walandira. Ndinati, “Hidaya, mama, ndibwereke mawu anga tsiku limodzi. Agogo akowa achoka kutali.”

Anaganiza nthawi yaitali, akuyang'ana kudenga ngati shehe. Kenako anati, “Idyani. Koma tsiku langa likadzafika, anganga a ku Chiponde adzaphe nkhuku ina. Ndidzayamba kudya ine, inu muzidzangoyang'ana. Ndipo nthutumba ndi yanga.”

Abiti Uladi anagwira pakamwa. Nthutumba ndi ya mwini khomo, mwana saiona n'komwe. Pakhomo panga palibe anaidyapo wina kuyambira pamene ndinakwatira. Ndinati, “Mwendo sukukwana?” Anati, “Nthutumba.” Ndinavomera.

Ndinakhala pakhonde, ndinasamba m'manja, Bismillah, ndinayamba. Mapiko, miyendo, chifuwa, khosi, msana, mpunga wonse. Abiti Uladi anakhala moyang'anana nane akuwerenga mafupa ndi maso. Mlonda wa chipatala anati, “Agogo, thandizo likufunika?” Ndinati ntchito ya banja iyi. Nditamaliza ndinatembenuza mbale. Iwo anati, “Mchere unali bwanji?” Ndinati unachepa. Anati, “Bodza,” n'kuseka. Aka n'koyamba kuwaona mano mayi amenewa.

Lolemba, 20 Meyi

M'mimba mwanga muli nkhondo. Sabata yathunthu ya nyemba za madzi, kenako nkhuku yonse. Njira ya kuchimbudzi ndaidziwa bwino.

Zala ziwiri kuchepera pang'ono.

Lachitatu, 22 Meyi

Chala chimodzi, ndipo madzi ake salinso ngati mkaka, ali ngati a pachitsime.

Abiti Uladi sanabwerere. Agona kukhitchini ya magadiyani ndi Mwanamvua, mphasa imodzi, ndipo adzipatsa ntchito ya pachipata. Dengu lililonse lobwera kwa Hidaya amalivundukula, amanunkhiza, amapaka chala n'kuyang'ana padzuwa ngati chikunyezimira. Dzulo abweza mphwanga weniweni ndi zitumbuwa zake. Poto wa Hidaya agula wakewake, amamutsuka ndi phulusa kuti asakhale ndi mafuta a dzana. Ngakhale ine amandinunkhiza ndevu ndikachokera kumzikiti. A Lonely akuti akapuma pantchito, udindo adzasiyira iwowa.

Hidaya watuluka ku ICU kachiwiri. Wayenda khonde lonse, kupita ndi kubwera, akukoka ine ndi botolo langa. Ndinati, “Pang'onopang'ono, iwe!” Mawu amenewa sindinawanenepo kwa iye chibadwire chake.

Lachisanu, 24 Meyi

Lero ndi tsiku lija. M'botolo mwangonyowa pansi, chala sichikwana. Anamujambula m'mawa. A Suzgo anakweza chithunzi kuwindo, nandionetsa mapapo onse awiri otambasuka, opanda madzi. Anati, “Che Atumani, mpeni tabweza m'thumba.”

Paipi anachotsa masana. Anamuuza kuti akoke mpweya n'kuugwira, a Lonely anasolola kamodzi, a Suzgo anamanga ulusi, kwatha. Analira pang'ono, kenako anafunsa ngati botolo tipita nalo kwathu. Ndinati ayi, ndalinyamula mokwana.

Sadik analira pa foni monga mwa masiku onse, koma lero amake anamuuza kuti asiye, akutha mayunitsi.

Ndinawagwira dzanja a Suzgo ndi manja anga awiri. Ndinati akadzafuna boti adzabwere ku Nkopola. Anati madzi amawaopa. Munthu wolowetsa zala pafupi ndi mtima wa mwana, kuopa madzi!

Lolemba, 27 Meyi

Tatuluka. Chithunzi cha mtima chikuonetsa kuti kamtsempha kaja katsekeka ndithu, ndipo akuti mtima umene unakula ndi ntchito udzabwerera pang'onopang'ono. Akhoza kudzapita kusukulu, kuthamanga, kudzabereka ana ake Mulungu akalola. Koma mafuta ayi kwa masabata ena asanu ndi limodzi, kuti kanjira kaja kalimbe. Akamapuma movutika kapena kutentha thupi, tithamangire kuchipatala cha ku Mangochi. Kumeneko ndi kumene akamuonenso.

Ndinafunsa ngati masabatawo akukhudzanso ine. Hidaya anayankha dokotala asanatsegule pakamwa.

Lolemba, 17 Juni, ku Nkopola

Idi ya nyama. Mbuzi ndazinga ndekha monga chaka chilichonse, ndagawa magawo atatu monga mwa lamulo. Ine ndi Hidaya tadya mpunga ndi chambo chowiritsa, titakhala kuseri kwa nyumba kumene utsi wa nyama sufika. Anzanga akuti Atumani walowa tchalitchi cha odya masamba. Alankhule.

Bala lapola, latsala mzere kunsi kwa phewa. Chifuwa sichinabwerenso, ngakhale mwera wayamba. M'mawa uno anandibweretsera misomali kumene ndikukhoma boti. Ndinamuona akuchokera kunyumba. Sanakhale pansi. Anafika, anataya misomali mumchenga, n'kubwerera chothamanga.

Ndinatola misomaliyo ndekha. Sindinakalipe.

Lachiwiri, 9 Julaye

Dzulo tinali ku Mangochi. Amujambula, m'chifuwa mulibe madzi. Sikelo yakwera ngakhale ndi nyemba zomwezo. Akuti ayambe mafuta pang'onopang'ono, osati nkhuku yonse ngati anthu ena. Nkhani imeneyi sindikudziwa anaifikitsa kumeneko ndani.

Abiti Uladi afika m'mawa ndi tambala wamoyo, akuti wokazingiratu amafika atatopa. Ndazinga ine, aphika iwo ndi Mwanamvua, akukangana za mchere ngati mayi ndi mwana wake.

Anayala mkeka pakhonde. Mwanamvua anabwera ndi madzi osamba m'manja, mwachizolowezi anayamba kugwada kwa ine. Ndinamulozera kwa mwana. Hidaya anasamba, anakhala pamalo panga, anavundukula mbale yekha. Anafufuza ndi chala mpaka anaipeza. Anaikweza m'mwamba kuti aliyense aone, naiika m'kamwa.

Anatafuna, anatafuna. Nkhope inayamba kukwinyika.

“Ambuje, imeneyi ndiye mumaikanira anthu zaka zonsezi? Yolimba ngati tayala.”

Ndinati, “Ukapanda kuifuna, bwera nayo kuno.”

Anandiyang'ana, anayang'ana agogo ake a ku Chiponde, nameza.

“Yanga,” anatero. “Tsopano mukhoza kusamba m'manja.”

Ndinasamba.